Pewani Cheza

Pa mayeso a Fomu 4 Chichewa ndinakhoza bwino kuposa phunziro lina lililonse, ndipo nkhani imeneyi ndinayenda nayo pakamwa mpaka ku Mangalande. Nditafika ku Middlesbrough kudzaphunzira unamwino, koyambirira kwa zaka za m'ma 2000, ndinali mmodzi wa anthu otopetsa aja okonda kukonza anzawo polankhula. Munthu akati, "Ndili bize," ine ndinkayankha kuti, "Mukutanthauza kuti mwatanganidwa." Amalawi anzanga a kutchalitchi anayamba kunditchula kuti Aphunzitsi. Ine kupusa, ndinkayesa ulemu.

Masiku amene kunalibe makalasi ndinkagwira ntchito yosamalira okalamba m'nyumba zawo. Ndinkakwera basi m'mawa, kuwoloka mtsinje, kudutsa mafakitale a mankhwala aja onunkha ngati mazira owola, mpaka kukatsika m'tauni ina yaing'ono ya m'mphepete mwa nyanja yamchere. Kunja kwa tauniyo, kuseri kwa udzu ndi milu ya mchenga, kunali chinyumba chachikulu chotuwa, chopanda mawindo, chosatulutsa utsi. Miyezi iwiri yoyambirira ndinkachiona pawindo la basi n'kumaganiza kuti ndi mosungira katundu wa sitima zapamadzi. Sindinafunse munthu aliyense.

Amene anandiuza anali madala ena achizungu amene ndinkawasamalira. Pa unyamata wawo ankawotcherera zitsulo za sitima. Miyendo inali itawakana, koma pakamwa panali patatsala mphamvu za anthu atatu. Tsiku lina ndikuwakonzera tiyi ndinayamikira kalendala ya kukhitchini kwawo, chifukwa inali ndi zithunzi zokongola za mbalame za kunyanja. Iwo anati nditembenuze ndiwerenge kumbuyo. Kumbuyoko kunalembedwa zoyenera kuchita ngati pa siteshoni ya magetsi ya nyukiliya pachitika ngozi.

"Siteshoni yake iti?" ndinafunsa.

"Chinyumba chimene umachidutsa m'mawa uliwonse," anatero. "Umayesa amaphikamo mabisiketi?"

Anandituma kutsegula dirowa ya pansi pa sinki. Munali kapaketi ka mapiritsi. Anandifotokozera kuti nyumba za m'misewu ya pafupi ndi siteshoni zimapatsidwa kalendala ndi mapiritsi amenewa, oteteza chithokomiro, koma samwedwa pokhapokha akuluakulu alengeze pa wailesi kuti imwani. Kenako anandionetsa mulu wa mapepala pampando. Anali malipoti a oyendera a boma, anthu amene ntchito yawo ndi kulowa m'siteshonimo n'kumaona ngati malamulo a chitetezo akutsatidwa. Madalawo anali m'komiti ya anthu a m'deralo, imene inkakumana kangapo pa chaka ndi mabwana a siteshoni komanso oyenderawo. Ankawerenga malipotiwo ndi galasi lokuzira zilembo, pensulo ili m'manja, n'kumalemba mafunso m'mphepete.

"Ndipo amakuyankhani?" ndinafunsa.

"Akakana kuyankha, ndimafunsanso msonkhano wotsatira. Ndili ndi nthawi yambiri, ntchito yanga ndi yodikira imfa basi."

Ndinaseka, koma mumtima ndinkadabwa. Ine ndinakula nthawi imene bambo anga ankatiuza kuti pamsonkhano wa boma munthu amapita ndi manja owombera, pakamwa amasiya kunyumba.

Misewu itatu kuchoka kwa madalawo kunkakhala mayi wina wakwathu, wa ku Ntcheu, ndi mwana wake wamkazi wa zaka zinayi. Tinadziwana kutchalitchi. Anali wamkulu kwa ine ndi zaka zingapo, choncho ndinkamuti achemwali. Anali atapempha malo othawirako m'dziko muno, ndipo nkhani yake inali idakali m'manja mwa a imigireshoni. Nyumbayo sanasankhe yekha, anangomuikamo. Sukulu analekera Sitandade 6. Chichewa ankawerenga pang'onopang'ono, chala chikuyenda pansi pa mzere, koma Chingerezi cholemba chinkamupita pamwamba. Makalata olowa pachitseko ankawaopa. Onse ankawasunga m'chitini cha mabisiketi, ngakhale mapepala otsatsa pitsa, kuopa kutaya chinthu chimene tsiku lina adzafunsidwe.

Mwanayo anali wosakhazikika. Dzuwa likangotuluka ankakhala pabwalo la ana la pakona, kutsogolo kwa windo la madala aja, akuthamangitsana ndi ana a aneba. Chingerezi anachitolera pomwepo, chija cha kuno chomeza zilembo, moti amake akamuitana m'Chichewa iye ankayankha m'Chingerezi.

Tsiku lina mu Juni ndinadutsirako nditamaliza ntchito. Achemwaliwo anatulutsa chitini chija, n'kundionetsa kalendala ya mbalame yomwe ija ndi kapaketi ka mapiritsi.

"Asisi, izi zalowa pachitseko. Zili ndi chidindo cha boma. Ndiye mapiritsiwa ndi a chiyani, ine sindinadwale?"

Ndinkathamangira basi. Ndinati, "Si za case yanu ayi, musade nkhawa. Mapiritsiwo musamwe, ingosungani. Ndipatseni kalendalayi, ndikakulembereni zonse m'Chichewa chomveka bwino."

Loweruka ndinakhala patebulo ndi pepala la mizere. Zambiri sizinavute. Chimene chinandiimitsa ndi liwu limodzi la Chingerezi, lakuti radiation. Ndinayesa kuti poizoni wosaoneka, ndinaona ngati ndikulemba za ufiti. Ndinayesa kuti mpweya woipa, ndinaseka ndekha, chifukwa kwathu mpweya woipa ndi uja munthu amatulutsa akadya nyemba. Kulilemba liwulo momwe lilili m'Chingerezi sindikanalola, ine Aphunzitsi. Kenako ndinakumbukira buku lina la kusukulu mmene munali mawu akuti cheza cha dzuwa, kutanthauza kuwala kuja kobaya m'maso. Ndinadziwombera m'manja. Ndinalemba motere, ndi zilembo zanga zabwino zija:

"Mukamva sayirini ikulira, lowani m'nyumba msanga. Tsekani zitseko ndi mawindo. Pewani cheza. Cheza ndi choopsa, makamaka kwa ana. Musatuluke mpaka akuluakulu atakuuzani kuti mutuluke."

Za siteshoni sindinalembe, poti ndinkaona ngati aliyense akuidziwa, ine amene ndinatha miyezi iwiri ndikuiyesa mosungira katundu. Pansi penipeni pa kalendalayo panalinso timawu ting'onoting'ono tonena kuti sayirini imayesedwa nthawi ndi nthawi, ndipo ikalira pa tsiku loyesa palibe chochita. Timawu timeneto ndinatiwona, koma pepala langa linali litadzaza. Lolemba ndinapeza achemwaliwo kulibe, atapita kukasayina ku ofesi ya imigireshoni monga ankachitira sabata iliyonse. Ndinalowetsa pepala ndi kalendala pakabowo ka makalata, n'kumapita.

Sabata yomweyo sukulu inanditumiza kukaphunzira ntchito m'chipatala, ndipo kutauni ija sindinapondeko kwa milungu isanu ndi itatu. Achemwaliwo anasiya kubwera kutchalitchi. Azimayi ena anati mwina wapeza tchalitchi chapafupi, basi ndi yodula. Ndinawaimbira foni kawiri. Ulendo woyamba anati, "Tili bwino, zikomo," n'kudula. Ulendo wachiwiri chimodzimodzi. Ndinakhumudwa. Ndinati anthu ena ngosayamika, munthu wataya Loweruka lonse kuwalembera Chichewa chaukhondo chotere. Chilimwe cha chaka chimenecho chinali chabwino, cha dzuwa lenileni, chinthu chosowa kuno. Anthu ankagona pa kapinga atavula malaya.

Chakumapeto kwa Ogasiti ndinabwerera kwa madala aja. Ndikuwaveka masokosi, anandifunsa ngati anthu akwathu aja anasamuka.

"Kamtsikana kaja kankandipangira nkhope zoseketsa pawindo," anatero. "Sindinakaone chiyambire Julayi."

Nditamaliza ndinapita. Makatani anali otseka, masana dzuwa likuswa mtengo. Ndinagogoda katatu. Achemwaliwo anatsegula pang'ono, n'kuyang'ana kumsewu uku ndi uku, kenako anandikokera mkati. M'nyumbamo munali fungo la chinyezi ndi mafuta ophikira, fungo la nyumba imene mawindo ake sanatsegulidwe nthawi yaitali. Mwanayo anakhala pansi pafupi kwambiri ndi TV. Sanandithamangire monga ankachitira. Anangondiyang'ana, n'kubwerera ku TV yake. Pakhoma, pafupi ndi chitseko, panali pepala langa lija, lomatidwa ndi selotepi ngodya zonse zinayi.

"Achemwali, kwagwanji? Mwana akudwala?"

"Sakudwala. Lankhulani motsitsa. Inunso musakhalitse."

"Chifukwa chiyani?"

Anandiyang'ana ngati ndapenga, n'kuloza pepalalo. "Si munalemba nokha? Sayirini inalira, patangopita masiku ochepa chilandirireni pepalali. Ndinamutenga mwana pabwalo paja, ndinatseka zonse. Mpaka lero akuluakuluwo sanabwere kudzatiuza kuti tituluke."

"Nanga ana a aneba simukuwaona akusewera panja?"

"Amenewo ndi eni dziko, asisi. Lamuloli ndi la ife. Sakufuna tizicheza ndi anthu case isanathe. Mwalemba apa, pewani cheza, ndi choopsa kwa ana. Ndinamva kale kuti kuno a social, aboma oona za mabanja aja, amalanda ana. Ine ndimangotuluka kukasayina ndi kukagula chakudya, mwanayu ndimamugwira dzanja, sitilankhula ndi munthu. Mayi wa nyumba iyi anagogoda kangapo kufuna ana asewere, sindinatsegule."

Ndinakhala pampando osauzidwa. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvepo chibadwire. Liwu langa lokongola lija achemwali analiwerenga monga Mmalawi aliyense angaliwerengere, kucheza, macheza, kukhala ndi anthu. Ndipo zonse zinagwirizana ndi zimene ankaopa kale. Mwana wa zaka zinayi anakhala m'nyumba yotseka chilimwe chonse chifukwa cha ine.

Ndinafotokoza zonse. Za chinyumba chotuwa, za magetsi, za mphamvu yosaoneka imene ingatuluke pakachitika ngozi, za sayirini yongoyesa. Ndinanena kuti ndinalakwitsa, ndipo ndinapepesa. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anapukusa mutu.

"Mukundimvera chisoni, ndikudziwa. Koma poyamba munalemba zina, lero mukunena zina. Nditenge ziti?"

"Za lerozi. Ndine ndemwe ndinalemba, ndikukuuzani kuti ndinalakwitsa."

"Kuno sizitero, asisi. Kuno zimene zalembedwa poyamba ndiye zoona. Ukasintha, ndiwe wabodza. Mwanayu akalandidwa, inu mudzakhala muli ku shift."

Ndinakwiya, ngakhale ndinalibe chifukwa. Ndinati ndichotse pepalalo pakhoma, anandigwira dzanja. Ndinatuluka mwanayo asanandiyang'anenso.

M'mawa mwake ndinawauza madala aja zonse. Ndinkayembekeza kuti andiseka, poti ankakonda kunditola. Sanaseke. Anafunsa kuti pepalalo likuti ndani ayenera kuwauza kuti atuluke. Ndinati akuluakulu.

"Ndiye abweretse kwa akuluakuluwo," anatero. "Komiti ikukumana Lachiwiri masana, muholo ya kuseri kwa laibulale. Aliyense amaloledwa kulowa, ndipo kumapeto aliyense amafunsa."

Kuwanyengerera achemwaliwo kunanditengera masiku atatu. Ankaopa kuti pakhomo padzakhala pepala lolemba mayina, ndipo dzina lawo likafika ku imigireshoni monga munthu wovutitsa boma. Madalawo anati palibe amene amakakamizidwa kulemba. Chimene chinawagonjetsa ndi pepala langa lomwe. Ndinati, "Mwati mukudikira akuluakulu. Akuluakuluwo akhala pamalo amodzi Lachiwiri. Mukapanda kupita, mudikira mpaka liti?"

Tinapita anayi. Ine ndikukankha madala pa njinga yawo ya olumala, achemwali atavala diresi la kutchalitchi, mwana atagwidwa dzanja zolimba ndipo atauzidwa kuti asayankhule ndi munthu. Mwanayo anayenda akuphethira ngati dzuwa likumulasa.

Holoyo inali wamba, ya mipando yapulasitiki, ndi tebulo la tiyi ndi mabisiketi pakona. Kutsogolo kunakhala bwana wa siteshoni, bambo wina wa kukhonsolo woona za ngozi, ndi mayi wina wa imvi, wa nsapato zafulati, amene madala anandinong'oneza kuti ndiye woyendera wa boma. Anthu wamba tinalipo ochepa, ambiri okalamba. Kunena zoona, msonkhanowo unali wogonetsa tulo. Analankhula za mapampu, za maphunziro a antchito, za masiku amene makina adzaimitsidwe kuti awakonze. Kenako madala anga anatulutsa mapepala awo. Anafunsa bwana wa siteshoni funso, bwanayo anayankha mozungulira, madala anati, "Sindinafunse zimenezo," n'kubwereza funso lomwelo. Bwanayo anafiira makutu, koma anayankha.

Achemwali ananditsina. "Awa sawagwira potuluka?"

"Ayi. Awapatsa tiyi."

Itafika nthawi ya mafunso a anthu wamba, ndinaimirira. Ndinali nditakonza funso langa bwinobwino, m'Chingerezi chapamwamba, lonena kuti anthu ena a m'derali amene sadziwa Chingerezi amavutika kumvetsa uthenga wa pakalendala. Funso limenelo linali loona, komanso linali lobisa dzina langa. Ndisanatsegule pakamwa, achemwali anandikoka siketi.

"Munene mawu anga okha. Musawonjezere, musachotsere."

Anaimirira pambali panga, n'kunena m'Chichewa. Ine ndinamasulira liwu ndi liwu.

"Ndikufunsa akuluakulu. Kodi mwana wanga uyu akhoza kutuluka panja kukasewera ndi anzake?"

Bambo wa kukhonsolo anayang'ana bwana wa siteshoni. Mayi woyendera uja anavula magalasi, n'kufunsa mwaulemu kuti n'chifukwa chiyani mayiwa akuganiza kuti mwana sangatuluke. Apa panalibenso pobisala. Ndinafotokoza pamaso pa anthu onse aja kuti ndinamasulira uthenga wawo m'chilankhulo chathu, kuti liwu limene ndinasankha limamvekanso ngati kukhala ndi anthu, kuti za sayirini yoyesa ndinazisiya chifukwa pepala linadzaza, ndiponso kuti mwanayu wakhala m'nyumba kuyambira Julayi. Munthu wina kumbuyo anaseka pang'ono, n'kudzigwira. Ndikanakonda akanaseka onse, kukhala chete kuja kunali kowawa kwambiri.

Mayi woyenderayo sanandidzudzule, komanso sananditonthoze. Anayang'ana achemwali, osati ine, n'kuyamba kulankhula chiganizo chimodzichimodzi, kundidikira ndimasulire. Anati palibe ngozi imene yachitika pa siteshoni. Anati sayirini imene inamveka inali yongoyesa, ndipo mapiritsi aja samwedwa pokhapokha akuluakulu alengeze pa wailesi. Anati uthenga wa pakalendala ndi wa munthu aliyense wokhala m'misewu imeneyo, mbadwa kapena mlendo, ndipo sukhudzana ndi nkhani za imigireshoni. Anati mwana akhoza kutuluka lero lomwe.

Ndinkayesa zathera pomwepo. Koma mayiyo anapempha kuti achemwali abwereze zimene amva, m'mawu awoawo, ine ndizibwezera m'Chingerezi. Ndinaona ngati akuwayesa mwana wasukulu. Bwana wa siteshoni anaona nkhope yanga, ndipo anafotokoza kuti ndi mmene amagwirira ntchito m'chipinda choyendetsera makina. Munthu akapereka langizo, wolandirayo amalibwereza mokweza, woperekayo n'kuvomera kuti ndi lomwelo. Langizo losabwerezedwa amaliwerenga ngati silinaperekedwe, ngakhale onse awiri akhale akatswiri. Ine ndinakumbukira pepala langa likulowa pakabowo ka makalata, m'nyumba mulibe munthu.

Achemwali anabwereza. Pa mfundo ya mapiritsi anasokoneza, anati amwedwe sayirini ikangolira. Mayiyo anakonza, achemwali anabwerezanso, mpaka zinagwirizana. Kenako achemwali ananditsinanso.

"Auzeni alembe."

Ndinachita manyazi kumasulira zimenezo, koma ndinamasulira. Mayiyo sanadabwe. Anang'amba tsamba m'kope lake, analemba ziganizo zinayi m'zilembo zikuluzikulu, anasayina, n'kuwapatsa m'manja. Bambo wa kukhonsolo anati aganizira zopanga pepala la zithunzi ndi zoyenda m'nyumba zimene mumaikidwa alendo, poti anthu amasinthasintha m'nyumba zimenezo. Madala anga anakweza pensulo.

"Mawu akuti tiganizira ndawamva kwa zaka zambiri. Alembedwe m'maminitsi. Ndidzafunsa msonkhano wotsatira."

Analemba.

Pobwerera tinadzera pabwalo la ana la pakona paja. Achemwali anaima, anayang'ananso tsamba lija ngakhale sakanatha kuliwerenga, analipinda n'kuliika m'kamisolo. Kenako anamasula dzanja la mwana. Mwanayo sanathamange nthawi yomweyo. Anayang'ana amake kaye, kawiri. Kamtsikana kena ka tsitsi lofiira kanamuitana pa katungwe, ndipo anapita, poyamba akuyenda, kenako akuthamanga. Madala anati ndiwasiye pomwepo pang'ono, dzuwa liwawombe mawondo.

Tinakhala pabenchi. Ndinapepesanso, nthawi ino popanda kufotokoza zambiri.

"Zatha, asisi," anatero. Anayang'ana mwana. "Koma inu muli ndi mwayi. Mwalakwitsa liwu limodzi, akulolani kukonza pamaso pa anthu, akupatsaninso tiyi."

Ndinafunsa kuti akutanthauza chiyani. Nkhani ya chimene chinawachotsa kumudzi anali asanandiuzepo, ndipo ngakhale tsiku limenelo sanandiuze yonse. Anangoti pa interview yawo yoyamba ku imigireshoni womasulira anali pa foni. Iwo anati amene ankawazunza ndi kufuna kuwakwatitsa mokakamiza anali bambo awo aang'ono, mng'ono wa bambo awo. Papepala panalembedwa kuti bambo awo. Patapita miyezi, pa mafunso ena, anatchula kuti bambo awo anamwalira iwo ali wakhanda. Wofunsayo anatsegula pepala loyamba lija.

"Anati nanga munthu wakufa amazunza bwanji? Ndinati ndinanena bambo aang'ono. Anati kuno bambo ndi mmodzi. Ndinapempha kuti akonze, anati zimene zinalembedwa zinalembedwa." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Akanandiuza kuti ndibwereze ngati mayi ujayu, bwenzi nditamva kuti walakwitsa."

Ndinamva chisoni, ndiponso ndinamvetsa chifukwa chake anakana kundikhulupirira tsiku lija m'nyumba yotseka.

Dzuwa linakhalapo milungu ina itatu, kenako mvula ya kuno inabwerera pamalo pake. Milungu itatu imeneyo mwanayo anaidya yonse panja, ndipo madala anayambanso kudandaula mokondwa kuti kamtsikana kaja kakuwapangira nkhope pawindo. Achemwali anabwerera kutchalitchi. Pepala langa analichotsa pakhoma, koma sanalitaye, linalowa m'chitini cha mabisiketi pamodzi ndi tsamba la mayi woyendera. Ine ndinauza azimayi a kutchalitchi kuti dzina lija la Aphunzitsi alisiye. Sanalisiye, atamva nkhaniyi ndi pamene analikonda kwambiri.

Chisanu chisanafike pachimake, kalata imene ankaiopa ija inabwera, yokana pempho lawo. Anawasamutsira ku Bradford kukadikira apilo. Tinalankhulana pa foni miyezi ingapo, nthawi ino macheza aatali, mpaka tsiku lina nambala yawo inasiya kulowa. Ndinafunsa Amalawi a kumeneko. Wina anati anamva kuti anapita ku Salford kwa mnzawo, wina anati anawakweza ndege kuwabweza kumudzi. Palibe amene ankadziwa zenizeni.

Madala anafunsadi za pepala la zithunzi lija pa msonkhano wotsatira, ndi wotsatiranso. Linatuluka patapita chaka ndi miyezi. Linali labwino, la nyumba yotseka mawindo, wailesi, ndi chithunzi cha ana akusewera pansi pa mawu onena za sayirini yoyesa. Linalowa pachitseko cha nyumba ija muli kale banja lina, la chilankhulo china. Ine ndinali nditatsala pang'ono kumaliza sukulu, ndipo ndinali nditayamba kale chizolowezi chimene ndili nacho mpaka lero m'wodi. Ndikamuuza wodwala kamwedwe ka mankhwala, ndimati andibwerezere. Ena amanyansidwa nazo, ine ndilibe nazo ntchito.

Tsiku langa lomaliza kwa madalawo, ndikuwakonzera tiyi, anandifunsa ngati mayi uja anapambana mlandu wake. Ndinati sindikudziwa. Ndinawauza za bambo aang'ono, ndipo zinanditengera nthawi kuwafotokozera kuti kwathu mng'ono wa bambo ako ndi bambo akonso. Anamvetsera mpaka anamvetsa. Kenako anatambasula dzanja kufuna pensulo yawo, monga ankachitira nthawi zonse akapeza cholakwika mu lipoti.

"Chabwino," anatero. "Ndiye a imigireshoni amenewo amakumana liti ndi anthu? Tikafunse kuti?"

Ndinawauza kuti kumeneko kulibe holo, kulibe tiyi, ndipo kulibe nthawi ya mafunso. Anagwira pensuloyo kanthawi, kenako anaibweza patebulo, ndipo tiyi wawo anazizira asanamwe.